Bridge ya tremolo: iyandame kapena igone pathupi la gitala?

Nsambo ya B inaduka akwati atangofika pakati pa holo. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuotcha, zala zanga zili thukuta lokhalokha, ndipo tinali pamalo pamene gitala ya lead imatsogolera yokha. Kuduka kwa nsambo si kwachilendo, aliyense woyimba gitala zinamuchitikirapo. Chimene chinandiziziritsa nkhongono n'chakuti nsambo zisanu zotsalazo zinakwera mawu zonse nthawi imodzi. Ndikagwira G, mawu ake ankagwera pakati pa G ndi G sharp. Wa kiyibodi anandiyang'ana, amayi oyimba kutsogolo anasowa poponda. Ndinatsitsa voliyumu n'kumaliza nyimboyo manja ali lende, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa, chifukwa ukwati sabwereza.

Gitalayo inalibe mlandu, ineyo ndi amene sindinkaidziwa. Lolemba lake ndinapita nayo kwa madala ena amene ankakonza mawailesi ndi maampulifaya kuseri kwa msika, amenenso paunyamata wawo anayimbapo m'mabandi. Anaitembenuza, anatsegula chivundikiro chakumbuyo, n'kukhala kaye chete.

"Mwana wanga, kamkono aka kogwedezera mawu umakagwira kangati usiku umodzi?"

"Mwina kawiri, bambo, pomaliza nyimbo."

"Nanga gitala yachiwiri yoti usinthe nsambo ikaduka uli nayo?"

"Ndilibe, bambo."

Anatenga sikuludilaiva, anamanga masikuluwu awiri a m'kati, ndipo ndinaona kumbuyo kwa bridge, chitsulo chimene chimagwira nsambo pathupi la gitala, kukutsika pang'onopang'ono mpaka kunagona pathabwa. Musanakhudze chilichonse pagitala yanu, dzifunseni mafunso awiri omwewo.

Zimene zili kuseri kwa chivundikiro

Gonekani gitala chafufumimba pa thawulo, mumasule masikuluwu 6 a chivundikiro chapulasitiki. M'kati muona zinthu zitatu. Pali chitsulo cholemera chimene amachitcha block, cholumikizidwa kunsi kwa puleti ya bridge, ndipo nsambo zimalowera m'mabowo ake. Pali masipuling'i, kawirikawiri atatu, ngakhale malo alipo a asanu. Ndiye pali kachitsulo kokhala ndi zala zopindika kotchedwa claw, kamene kamakola masipuling'iwo, komangidwa kuthabwa ndi masikuluwu awiri aatali. Pa claw pomwepo pali kawaya kowotcherera. Kamenekako ndi ka ground. Kakaduka, gitala imayamba kulira ngati njuchi mu ampulifaya, choncho kasamaleni.

Nkhani yonse ndi yokokana. Nsambo zimakokera bridge kutsogolo, cha ku khosi, n'kumafuna kudzutsa kumbuyo kwake. Masipuling'i amakokera block kunsi, n'kumafuna kuigoneka. Mphamvu zake si zamasewera. Seti ya nsambo ya 9 mpaka 42 (manambalawa ndi makulidwe a nsambo yopyapyala kwambiri ndi yokhuthala kwambiri), pa gitala imene gawo lolira la nsambo ndi lotalika mainchesi 25.5, imakoka pafupifupi makilogalamu 39, ndipo ya 10 mpaka 46 imadutsa makilogalamu 45. Katundu wotsala pang'ono kukwana thumba la chimanga ndi amene amalendewera pa kampeni kopyapyala kakutsogolo kwa puleti. Bridge ikakhala yoyandama, kutanthauza kuti kumbuyo kwake sikukhudza thabwa, mbali ziwirizi zimalingana ndendende ngati sikelo yakale ya m'golosale, ya mbale ziwiri ija. Mukachotsako kamwala kamodzi mbale imodzi, inayo imatsika. N'zimene zinandichitikira paukwati paja. Nsambo itaduka, masipuling'i anapambana, anakokera bridge m'mbuyo, nsambo zotsala zinakungika, mawu n'kukwera. Bridge ikakhala yogona, masipuling'i ndi opambana kale, ndipo thabwa la gitala ndi limene limaitchinga kuti isapitirire. Kaya nsambo iduke, ilibenso kopita.

Kapangidwe aka kanabwera ndi gitala ya Stratocaster ya Leo Fender mu 1954, ku Fullerton, California, ndipo magitala ambiri otchipa amene timagula anatengera komweko. Dzina lakuti tremolo ndi lolakwika, chifukwa tremolo weniweni ndi kukwera ndi kutsika kwa voliyumu, pamene kamkonoka kamasintha mawu, chimene ndi vibrato. Koma dzinalo linakhazikika, ndipo nanenso ndimangoti tremolo.

Chimene mumapeza ndi chimene mumataya

Sindikufuna wina aganize kuti bridge yoyandama ndi yachabe. Ikakonzedwa bwino imakoma kwambiri. Kamkono kamapita uku ndi uku, kutsitsa mawu ndi kukwezanso, ndiye mukagwira kodi n'kukagwedeza pang'ono, mawu amazungulira pakati penipeni ngati mmene amanjenjemerera mawu a munthu woyimba mochokera mumtima. Pa bridge yogona zimenezi sizitheka. Mawu amangotsika n'kubwerera, ndipo pobwerera puleti imagunda thabwa n'kumveka kuti kho. Hank Marvin, woyimba gitala wa bandi ya The Shadows, anamanga kayimbidwe kake pa kugwedeza kofatsa kotereku. Jeff Beck ankayimba ndi zala, kamkono kali m'chikhatho, n'kumatulutsa mawu enieni a nyimbo ndi kamkonoko. Amene akufuna kuyimba choncho alibe njira ina, bridge iyenera kuyandama. Nsambo zimamvekanso zofewerapo m'zala, popeza mukamakankha, bridge imagonjera pang'ono.

Kugonjera komweko ndi kumene kumabweretsa mavuto. Mukakankha nsambo ya G kuti ikwere mafret awiri (mafret ndi timizere tachitsulo ta pakhosi la gitala), zinzake zonse zimatsika pang'ono. Ngati mukuyimba nsambo imodzi imodzi simuzindikira, koma kankhani G uku B ikulira osakankhidwa, mumva B ikuphwa. Ife amene tinakulira pa kayimbidwe ka nsambo ziwiriziwiri kumtunda kwa khosi, ka rumba ndi sungura kamene kanalowa m'nyimbo zathu zambiri za m'tchalitchi, mawu oyera opanda distortion yobisa zolakwa, khutu limagwira msanga kaphwedwe kameneka. Chachiwiri ndi dzanja lamanja. Mukazolowera kugoneka chikhatho pa masaddle, tizitsulo ta pa bridge timene nsambo zimatsamirapo, pozimitsa mawu, monga timachitira pa reggae, ndipo dzanja lanu ndi lolemera, mumakankhira bridge pansi osadziwa, kodi yonse n'kukwera. Chachitatu, simungatsitse E yaikulu kupita ku D pakati pa mapemphero n'kupitiriza, chifukwa zisanu zinazo zimasuntha.

Akuluakulu oyimba magitala anasankha mosiyana pankhaniyi. Stratocaster yokhala ndi dzina la Eric Clapton, imene Fender inayamba kugulitsa mu 1988, imabwera ndi kathabwa kotsekera block kuti isagwedezeke n'komwe. Eddie Van Halen, amene anthu amamudziwa ndi kugwetsa mawu mpaka nsambo kulendewera, ankaika bridge yake yogona, yongotsika basi.

Maganizo anga ndi awa. Ngati muli ndi gitala imodzi, mumayimba pagulu, ndipo nsambo mumasintha zikachita kuduka chifukwa seti yatsopano ndi yodula komanso siyipezeka paliponse, igonekeni bridge. Ndikutero ndi mtima wonse. Kuyandamitsa n'kwa munthu amene kamkono ndi mbali ya mawu ake, osati chokongoletsera, ndipo ali wokonzeka kuisamalira gitalayo mlungu ndi mlungu. Mulimonsemo ntchito yake ndikufotokozerani, chifukwa yoyandama yokonzedwa bwino imaposa yogona yokonzedwa mwachisawawa.

Musanafike pa bridge

Yambani mwasankha seti ya nsambo imene mudzigwiritsa ntchito, ndi katchunidwe kake. Mukadzasintha kuchoka pa 9 kupita pa 10, kapena mukadzatsitsa gitala yonse ndi fret imodzi kuti igwirizane ndi mawu a oyimba, ntchito yonse mudzaiyambiranso. Ikani nsambo zatsopano ngati n'kotheka, ndipo muzikoke. Gwirani iliyonse chapakati, muikokere m'mwamba mofatsa, mutchune, mubwereze mpaka itasiya kutsika. Nsambo yosakokedwa imanamiza muyezo uliwonse.

Kenako khosi. Ikani capo, kachida kopana nsambo zonse pakhosi, pa fret yoyamba, dinikizani E yaikulu pa fret yomaliza, muyang'ane mpata pakati pa nsambo ndi fret ya 8. Uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.25, kampata koti kapepala kolimba kangodutsa. Ngati khosi lapindika kwambiri, truss rod, ndodo yachitsulo ya m'kati mwa khosi, ikonzedwe kaye, kota ya kuzungulira basi nthawi imodzi, ndipo ikakana musaikakamize.

Zida zake n'zochepa. Mukufunika sikuludilaiva ya nyenyezi yokwana bwino mitu ya masikuluwu a claw, yaitali kuti chogwirira chisakande penti, ma Allen key, tuner yoyezera mawu a nsambo, rula ya mamilimita, pensulo ndi kansalu. Masaddle a magitala ambiri opangidwa ku Asia amafuna Allen key ya mamilimita 1.5, pamene a Fender ya ku America amafuna ya mainchesi 0.050. Zimaoneka ngati zofanana koma si zofanana, ndipo yolakwika imadya mutu wa sikuluwu.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachilumpha, ndipo ndi chimene chimasokoneza zonse. Ngati bridge yanu ndi ya masikuluwu 6 kutsogolo, yachikale ija, masikuluwuwo sayenera kumangidwa ngati mukumanga chitseko. Kunsi kwa puleti, kutsogolo kwake, anakusema mopendekeka kuti izitha kugwada. Mukamangitsa, mutu wa sikuluwu umadinikiza malo opendekekawo n'kudzutsa kumbuyo, ndiye bridge siyigona bwino komanso siyibwerera pamalo pake. Khwefulani nsambo, bridge igone. Masulani masikuluwu onse 6 mpaka mitu yawo itakwera pafupifupi mamilimita 1.6 pamwamba pa puleti. Kenako tsitsani awiri a kumapeto okha mpaka mitu yawo itangokhudza puleti, osadinikiza. Anayi apakati asiyeni choncho. Tsopano bridge ikuzungulira pa awiri aja, enawo akungoigwiriziza. Ngati yanu ndi ya nsanamira ziwiri, monga inayamba kufala ndi Stratocaster ya American Standard ya 1987, lamulo ndi limodzi: musatembenuze nsanamirazo nsambo zili zokungika, chifukwa mumabunthitsa kampeni kamene puleti imazungulirapo, ndipo kampeni kobuntha sikabwezera mawu pamalo pake.

Kuigoneka

Apa ntchito ndi yochepa. Tchunani gitala. Mangani masikuluwu awiri a claw mosinthanasinthana, theka la kuzungulira uku, theka uku, kuti claw ikhale yowongoka. Nthawi iliyonse mawu akwera, ndiye atsitseni ndi makiyi a kumutu musanapitirize, kuopa kudula nsambo. Pitirizani mpaka puleti itagona yonse, moti kapepala sikangalowe kunsi kwake.

Apa mpamene ambiri amalekera, koma sizinathe. Lizani E yaikulu osaigwira, ndipo ikulira choncho kankhani G pa fret ya 7 kuti ikwere mafret awiri. Mvetserani E ija, kapena muyang'ane tuner. Ikatsika, ndiye kuti bridge ikudzukabe mukamakankha. Onjezerani kota pa sikuluwu iliyonse, mutchune, muyesenso. Mukafika pamene E yaima nji, lekerani pomwepo. Osapitiriza kumanga poganiza kuti kulimba kwambiri ndiye bwino. Mukatero kamkono kamauma, mumachita kukakankha ndi phewa, ndipo tsiku lina kadzathyokera m'bowo mwake, zomwe ndi ntchito yovuta kuchotsa. Ngati claw yatsala pang'ono kugunda khoma koma bridge ikudzukabe, musaikakamize, onjezerani sipuling'i yachinayi n'kubweza claw m'mbuyo.

Bridge ikagona, masaddle amatsika nawo limodzi, choncho nsambo zingayambe kukhudza mafret. Kwezani saddle iliyonse ndi timasikuluwu take tiwiri, mofanana kuti isapendekeke. Poyambira pabwino ndi mamilimita 1.6 pakati pa nsambo ndi fret ya 17, kenako dzanja lanu likuuzani ngati likufuna kukwezako.

Amene sagwira kamkono ngakhale pang'ono angathe kutseka kotheratu. Pitani kwa kalipentala mukapemphe kachidutswa ka mlombwa kapena mbawa, mukadule kuti kakwane mpata wa pakati pa block ndi khoma lakumbuyo, mbali imene kulibe masipuling'i. Kalowe mothina pokankha ndi chala chachikulu, osati ndi hamala. Osakamata ndi guluu, kuti tsiku limene mudzasinthe maganizo mudzangokasolola.

Kuiyandamitsa

Mnyamata wina wa kwaya ya achinyamata anabwera kwathu madzulo ena gitala ili kumsana, nkhope ili yakugwa. "Ankolo, ndikuona ngati khosi lathyoka, nsambo zatalikira kwambiri." Nditaiona, kumbuyo kwa bridge kunali kutadzuka ngati mchira wa chinkhanira, chala chimalowa kunsi kwake. Anali atagula seti yokhuthala kuposa imene inalipo. Akatchuna, bridge inkadzuka, mawu n'kutsika, iye n'kutchunanso, bridge n'kudzukanso. "Mphwanga, khosi lili bwinobwino," ndinamuuza. "Wakhala ukuthamangitsa chinthu chimene chikuthawa nawe limodzi." Njira imene ndinamuonetsa tsiku limenelo ndi imene ndimagwiritsa ntchito mpaka pano, ndipo nzeru yake ndi yakuti bridge muigwire kaye isasunthe, mutchune, kenako muimasule.

Mpata umene Fender imalangiza kumbuyo kwa puleti ndi 1/8 ya inchi, kapena kuti mamilimita 3.2. Simufunika chida chapadera. Khadi lapulasitiki, la kubanki lotha ntchito kapena lija mumathyolamo SIM yatsopano, ndi lokhuthala mamilimita 0.76. Makhadi anayi osanjikiza ndi mamilimita 3 ndi kakang'ono. Amangeni pamodzi ndi tepi. Kankhirani kamkono pansi, kumbuyo kwa puleti kudzuke, mulowetse makhadiwo pang'ono chabe kumapeto kwenikweni, n'kusiya kamkono kuti puleti iwapane. Ngati sakupanika, mangani claw mpaka atagwidwa zolimba. Tsopano masipuling'i ndi opambana, bridge yakhala pa makhadi ngati kuti yagona pathabwa, koma pa msinkhu umene mukuufuna.

Tchunani tsopano, ndipo muona kuti zikutheka msanga chifukwa palibe chikusuntha. Yesani kukoka makhadi. Ngati amasuka chifukwa chotchuna, mangani claw pang'ono. Bridge ili yogwidwa choncho, konzani kutalika kwa nsambo pa masaddle. Konzaninso intonation, kutanthauza kuti mawu azikhala olondola ngakhale kumtunda kwa khosi. Lizani nsambo osaigwira, muitchune bwino, kenako muigwire pa fret ya 12. Ikakwera kuposa pamene iyenera kukhala, bwezani saddle m'mbuyo kuti nsambo italike. Ikatsika, isunthireni kutsogolo. Khwefulani nsambo pang'ono musanakokere saddle m'mbuyo. Poyeza, gitala muinyamule mmene mumayimbira, osati itagona patebulo, chifukwa kulemera kwa khosi ndi kwa block kumasintha mawu pang'ono.

Zonse zikakhala bwino, fikani pa gawo lofuna kudekha. Musakhudzenso makiyi a kumutu. Chotsani makhadi pokankha kamkono pang'ono. Bridge itsika, ndipo mawu onse akwera. Musadandaule, ndi mmene ziyenera kukhalira. Tsopano mutchune ndi claw. Masulani masikuluwu ake awiri mosinthana, kota uku, kota uku, mukuliza G n'kumayang'ana tuner. Mawu azitsika pang'onopang'ono. G ikafika pamalo pake, yang'anani zinazo, mupeza kuti nazonso zafika kapena zatsala pang'onong'ono, ndipo mpata wakumbuyo wabwerera pa mamilimita 3 aja. Makhadi azilowa n'kutuluka akungokhudza. Pamenepo mphamvu ya nsambo ndi ya masipuling'i zalingana. Nthawi yoyamba imene ndinaona nsambo zonse 6 zikulowa m'malo mwake chifukwa cha sikuludilaiva yokha, ndinamvetsa gitala yanga kuposa zaka zonse zimene ndinali nditaiyimba.

Yesani kukokera kamkono m'mwamba mpaka puleti itagunda thabwa. Pa mpata umenewu G imakwera pafupifupi mafret atatu, B awiri, E yaing'ono imodzi. Carl Verheyen, woyimba gitala wa ku Los Angeles, amadziwika ndi kukonza bridge yake kuti ifike ndendende pa manambala amenewa, kuti kukoka kamkono kuzitulutsa mawu omveka m'nyimbo. Mukafuna zimenezo, siyani rula, mutsate khutu. Onjezerani kapena chepetsani mpata mpaka G yosagwira ikukwera kufika pa B flat. Ineyo pagitala imene ndimayandamitsa ndimaika makhadi awiri okha. Sindifuna kukweza mawu patali, ndimangofuna kugwedeza kodi kumapeto kwa mzere, ndipo mpata wochepa umatanthauza kuti nsambo ikaduka, mawu sathawa kwambiri.

Za chiwerengero cha masipuling'i, mphamvu yonse imene akukoka imakhala yofanana kaya ndi atatu kaya asanu, chifukwa iyenera kulingana ndi nsambo. Chimasiyana ndi kamvekedwe m'dzanja. Atatu otambasuka kwambiri amapereka kamkono kofewa, koma bridge imagonjera kwambiri mukakankha nsambo. Anayi kapena asanu otambasuka pang'ono amaumitsa kamkono, koma nsambo zinazo siziphwa kwambiri. Pa seti ya 9 kapena 10, atatu amakwana. Mukaika ambiri, onetsetsani kuti mukakokera kamkono m'mwamba palibe sipuling'i imene ikulendewera, chifukwa ikhoza kugwa pa claw. Ngati masikuluwu a claw akungozungulira osagwira, bowo lakula. Khwefulani nsambo zonse, chotsani masipuling'i, lowetsani timitengo ta machesi topaka guluu wa matabwa, mudikire ziume usiku wonse.

Ikamakana kubwerera pamalo pake

Mwakonza bwinobwino, koma mukagwira kamkono n'kusiya, G yakwera. Anthu amathamangira kunena bridge, koma kawirikawiri vuto lili kumutu kwa gitala, pa nut, kachidutswa ka timizera kamene nsambo zimadutsapo zisanafike pa makiyi. Mukatsitsa kamkono nsambo imakhwefuka n'kutsetserekera cha kumakiyi, ndipo pobwerera imakodwa m'kamzera ka nut. Mukamamva kuti ting potchuna, ndiye umboni wake. Songolani pensulo yofewa, 2B ndi yabwino, mudzutse nsambo, mupake m'kamzera mpaka muderemo. Pakaninso kunsi kwa kachitsulo kodinikiza B ndi E kumutu, ndi pamene nsambo imakhudza saddle. Ngati mwaika nsambo zokhuthala kuposa zimene nut inasemedwera, pensulo siyithandiza, kamzerako kayenera kukulitsidwa ndi munthu wokhala ndi tupa woyenera. Musayese ndi mpeni, chifukwa mukazamitsa, nsambo imayamba kulira pa fret yoyamba ndipo kubweza kwake n'kugula nut ina.

Yang'ananinso mmene mwakulungira nsambo pa makiyi. Zokhuthala zizungulire kawiri kapena katatu, zopyapyala kanayi kapena kasanu, mzere uliwonse kunsi kwa unzake, osakwerana. Chimulu cha waya pa kiyi chimakhwefuka ndi kukungika nthawi iliyonse mwagwira kamkono, ndipo sichibwerera chimodzimodzi.

Posintha nsambo pa bridge yoyandama, sinthani imodzi imodzi, n'kuitchuna musanachotse ina. Mukafuna kuchotsa zonse kuti mupukute khosi, lowetsani kaye makhadi aja kunsi kwa puleti. Ine ndimawasunga m'chikwama cha gitala pamodzi ndi Allen key. Potchuna tsiku ndi tsiku, zungulirani nsambo zonse kawiri kapena katatu, chifukwa iliyonse imasuntha zinzake.

Kamkono kakamagwedera m'bowo mwake, kulungani mazinga ake ndi tepi yoyera ija amagwiritsa ntchito okonza mipopi. Musakamange mpaka kumapeto pofuna kuti kaime malo amodzi.

Za Floyd Rose ndingonena mwachidule. Floyd D. Rose anapanga bridge yake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo imatseka nsambo mbali zonse ziwiri, pa nut ndi pa saddle, kuti isakhale ndi potsetserekera. Sikelo yake ndi yomweyi, koma cholinga si mpata wa mamilimita 3. Puleti iyenera kukhala yofanana ndi pamwamba pa thupi, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Popeza ambiri mwa magitala amenewa anawakumba kunsi kwa bridge, makhadi alibe pokhala, ndiye mumagwiritsa kathabwa kuseri. Kaikeni pakati pa block ndi khoma lakumbuyo, mumasule claw kuti nsambo zikapane, mutchune, kenako mumange claw pang'onopang'ono mpaka kathabwako katagwa kokha. Timakiyi ting'onoting'ono ta pa bridge tiikeni pakatikati musanatseke nut, kuti mukhale ndi kopita mbali zonse ziwiri.

Nyengo nayo imalowererapo. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, thabwa la khosi limamwa chinyontho n'kusuntha pang'ono, ndipo mu Julayi kukauma limasunthanso. Bridge yogona siyisamala kwenikweni, mumangotchuna. Yoyandama imasonyeza msanga, mpata wakumbuyo umasintha. Nsambo zadzimbiri nazo zimakodwa pa nut ndi pa saddle, choncho zipukuteni ndi kansalu kouma mukangomaliza kuyimba, kunsi kwake komwe. Gitala imene yakhala m'minibasi padzuwa musaitchune mutangoitulutsa, ipatseni mphindi zingapo izizire, apo ayi mutchuna kawiri.

Panopa ndili ndi magitala awiri. Imene ndimapita nayo kumaukwati ndi kutchalitchi ndi yogona, masipuling'i anayi, yomangidwa pongokwanira kuti E yaikulu isasunthe ndikakankha G. Chivundikiro chake chakumbuyo ndinachichotsa n'kuchisunga m'kabati, kuti nsambo ikaduka ndilowetse ina mu block osalimbana ndi timabowo ta pulasitiki. Inayo imakhala kunyumba, yoyandama pa makhadi awiri, ndipo ndi imene ndimajambulira nayo nyimbo zofatsa. Loweruka lililonse m'mawa ndimailowetsa makhadiwo kumbuyo kwa puleti. Akathina kapena akagwedera, ndimatenga sikuludilaiva, kota uku, kota uku.